Uthenga kwa mamembala a gulu lathu ku Chilomoni: za ngongole ndi dzina lanu ku mabanki

Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji nonse. Ndajambula uthengawu chifukwa pa msonkhano wathu wa Loweruka lapitali nthawi inatithera tisanamalize nkhani ya ngongole, ndipo ena mwa inu munanditsatira mpaka pa siteji ya minibasi mukufunsa kuti munthu amene dzina lake laipa ku banki angatani. Ndiyesetsa kufotokoza mwadongosolo, koma mundikhululukire ndikamabwerezabwereza, chifukwa pali malo amodzi pamene ine ndinapunthwa ndipo sindikufuna kuti wina akapunthwenso pomwepo.

Choyamba, tengani kope ndi cholembera, mukhale pansi, mulembe ngongole zonse zimene muli nazo. Ndikati zonse ndikutanthauza zonse: ya ku banki, ya ku SACCO, ya ku banki m'khonde, ya pafoni, ya ku okala ya pafupi ndi nyumba, ngakhale ija munatenga kwa alamu anu nthawi ya maliro. Pa ngongole iliyonse mulembe ndalama zimene zatsala, chiwongoladzanja chake, ndi tsiku lobweza. Ambiri timaopa kuphatikiza chiwerengerocho, koma ngongole imene simunailembe ndi imene imakula usiku inu muli mtulo.

Chachiwiri ndi chakuti... ayi, ndisanafike pamenepo, ndiyambe ndafotokoza za dzina, chifukwa Loweruka ndinaona kuti ena simunamvetse. M'dziko muno muli lamulo la Credit Reference Bureau la chaka cha 2010, limene linakonzedwanso mu 2016. Pansi pa lamuloli pali mabungwe amene ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya momwe aliyense amabwezera ngongole, monga Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo amagwira ntchito ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko mbiri ya makasitomala awo. Choncho mukalephera kubweza ngongole ku Limbe, musaganize kuti mukapita ku banki ina ya pa Victoria Avenue sakakudziwani. Chiphaso chanu cha unzika ndi chimodzi, ndipo akangolemba nambala yake pa kompyuta, mbiri yanu imatuluka. Ndibwereze: mabungwewa sabwereketsa ndalama, ndiponso si iwo amene amakukanizani ngongole. Iwo amangosunga zimene auzidwa. Amene amasankha kukupatsani kapena kukukanizani ndi banki, itawerenga mbiriyo.

Tsopano chachiwiri chija. Mwa ngongole zimene mwalemba, yambani kulimbana ndi imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu, uku mukuperekabe kagawo ka mwezi ndi mwezi ku zinazo kuti zisalowe m'gulu la ngongole zosabwezedwa. Kwa ambiri a ife, yodula kwambiri ndi katapila. Wa katapila akakupatsani K100,000 lero n'kunena kuti pakutha pa mwezi mubweretse K150,000, ndiye kuti m'miyezi iwiri yokha chiwongoladzanja chafanana ndi ndalama imene munatenga. Ndipo mukudziwa kuti ena amasunga khadi lanu la ATM pamodzi ndi nambala yachinsinsi, kotero kuti malipiro akangolowa iwo ndi amene amayamba kutapa, inu n'kutsala ndi nyenyeswa, n'kubwererekanso kwa yemweyo pa 5 mwezi wotsatira.

Pali mbale wanga wina ku Ndirande, sinditchula dzina, amene ndinamuchenjeza kangapo konse kuti asatenge katapila pofuna kutseka ngongole ya ku banki m'khonde. Anandiyankha kuti akuchita manyazi ndi amayi anzake a m'gulu, ndipo kuti katundu amene anaitanitsa ku Johannesburg akafika abweza zonse kamodzi. Umu munali mu Novembala 2023, mwezi umene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Katundu anafika, koma mitengo inali itakwera, ogula anachepa, ndipo pofika Febuluwale firiji ndi mipando ya pabalaza zinali zitanyamulidwa ana akuona. Akanapita kwa amayi anzakewo n'kunena zoona, akanamupatsa miyezi ina iwiri. Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa manyazi a tsiku limodzi anamutayitsa katundu wa zaka khumi.

Ndibwerere ku chiwongoladzanja, chifukwa pali chinthu chimene ndaiwala. Musanasaine fomu iliyonse, funsani ngati chiwongoladzanjacho akuchiwerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kapena pa ndalama imene yatsala mwezi uliwonse. Zikumveka ngati n'chimodzimodzi, koma si chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti mwatenga K500,000 pa 5 peresenti pamwezi kwa miyezi 12. Akamawerengera pa ndalama yoyamba ija, mwezi uliwonse ndi K25,000, ndipo pakutha pa chaka mwapereka K300,000 ya chiwongoladzanja chokha. Akamawerengera pa yotsala, chiwongoladzanja chonse chimakhala pafupifupi K177,000. Peresenti ndi yomweyo, miyezi ndi yomweyo, koma kusiyana kwake kukuposa K120,000. Funsaninso za ndalama zina zimene amadula poyamba, monga yoyendetsera fomu ndi ya inshuwalansi, ndipo muwauze kuti akulembereni papepala ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza.

Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, pitani nokha tsiku lisanafike. Musazimitse foni, musasinthe simu khadi. Lembani kalata yofotokoza vuto lanu, kaya ntchito yatha, kaya bizinesi yagwa, kaya ndi matenda, ndipo mupemphe kuti akuwonjezereni nthawi kuti gawo la pamwezi lichepe. Mukawonjezera nthawi mudzalipira chiwongoladzanja chochuluka, zimenezo muzidziwiretu, koma dzina lanu limakhala lotetezeka. Zimene mwagwirizana zilembedwe, musainirane, ndipo kope limodzi mupite nalo kunyumba.

Tsopano ndafika pamene ine ndinapunthwa. Mumvetsere bwino.

Zaka zingapo zapitazo ndinatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama muno mu mzinda kuti ndilipirire mwana sukulu. Ndinkabweza mwezi uliwonse osaphonya, kupatula mwezi umodzi umene ndinachedwa ndi masiku ochepa. Nditapereka gawo lomaliza, ndinafunsa mnyamata wa pa kauntala ngati zatha, iye n'kunena kuti zatha, mayi, pitani bwino. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Sindinapemphe kalata. Ndikubwereza, sindinapemphe kalata, ndipo apa ndi pamene panagona vuto lonse. Chilango cha kuchedwa kwa mwezi umodzi uja chinatsala m'buku lawo, kandalama kochepa kosakwana ngakhale mtengo wa thumba la makala, ndipo kanayamba kubereka chiwongoladzanja ine osadziwa. Patapita zaka ziwiri ndinafuna ngongole ku banki kuti ndimalize nyumba pa puloti yanga ku Machinjiri. Anandiuza kuti sizitheka, chifukwa mbiri yanga ikuonetsa kuti ndili ndi ngongole imene ndinasiya kubweza. Ndinatsutsa, ndinalumbira, koma iwo anangonditembenuzira kompyuta kuti ndidzionere ndekha.

Chimene chinandipulumutsa ndi malisiti. Ndinali nditawasunga onse m'jumbo pansi pa sutikesi. Ndinapita ku bungwe losunga mbiri lija ndi chiphaso changa n'kupempha lipoti langa, chifukwa munthu aliyense ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa zokhudza iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Kenako ndinapita kwa amene anandibwereketsa aja, tinakhala pansi n'kuyerekeza malisiti anga ndi sitetimenti yawo mzere ndi mzere, mpaka tinapeza kandalama kaja. Ndinalipira, ndipo ulendo uno sindinachoke mpaka atandilembera kalata ya chidindo yonena kuti ngongole yatha ndipo palibe chotsala. Kalatayo ndinaijambulitsa makope atatu, limodzi ndinakapereka ku bungwe losunga mbiri. Apanso mumvetse: wokonza mbiriyo ndi amene anaitumiza, ndiye kuti muyenera kuwakumbutsa kuti atumize uthenga watsopano, osangoganiza kuti zichitika zokha. Ine ndinayenda maulendo anayi, ndipo mvula inayamba nyumba ilibe denga.

Choncho mukamaliza ngongole iliyonse, kalata. Mawu a pakamwa a munthu wa pa kauntala si umboni. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, kapempheninso lipoti lanu muone ngati zasintha. Ngati mwapereka umboni wonse koma akukana kukonza, lembani dandaulo lanu kwa akuluakulu a bungwelo, ndipo zikakanikabe kadandauleni ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabungwe onse azachuma ndipo ili ndi nthambi muno mu Blantyre. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akufufutireni dzina mwachinsinsi, ameneyo akufuna kukuberani. Mbiri yoona siifufutika ndi chiphuphu. Imakonzeka mukabweza zimene zatsala, kenako n'kumabweza pa nthawi yake ngongole zing'onozing'ono zimene mungatenge pambuyo pake.

Eya, ndatsala pang'ono kuiwala za umboni. Abambo ena anafunsa za kusainira mnzawo. Mukasaina ngati mboni yoimira munthu pa ngongole, mwavomera kuti iye akalephera inu mudzabweza. Si mwambo chabe, si kungothandiza kudzaza fomu. Ndikudziwa aphunzitsi ena ku Bangwe amene anasainira mnzawo wa pantchito ngakhale akazi awo anawaletsa, mnzawoyo anasamuka osatsanzika, ndipo kwa chaka chathunthu ankadulidwa malipiro chifukwa cha ndalama imene sanadyeko ngakhale tambala imodzi. Musanasaine, dzifunseni ngati mungathe kubweza ndalama yonseyo nokha. Ngati simungathe, kanani mwaulemu.

Ngongole za pafoni nazonso musazipepule chifukwa choti ndi zazing'ono ndipo palibe amene amakuonani mukamatenga. Zilembeni m'kope lomwe lija.

Loweruka likubwerali tikumana nthawi ya 2 koloko masana pamalo pathu pomwe paja. Aliyense abwere ndi kope lake ndi malisiti amene ali nawo, ngakhale ofufutika, ndipo amene akufuna kuti tiwerengere limodzi chiwongoladzanja abwerenso ndi fomu imene anasaina. Amene sakufuna kuti ena aone za m'kope mwake afike msanga, ndidzakhala ndilipo kuyambira 1 koloko.