Wodwazika akagwa, amudzutsa ndani?

Moni abale anga nonse, kaya mukundimvera muli m'basi yopita ku shifiti ya usiku, kaya muli kumudzi mukuvundula nsima. Ndi ine uja mlongo wanu wa ku Leicester. Sabata yatha sindinajambule kanthu. Mtima unali wolemera, ndipo lero ndikuuzani chifukwa chake.

Ambiri mukudziwa kuti ndinabwera kuno mu 2022, chaka chimene Britain inatsegula viza ya osamalira okalamba. Ntchito yanga ndi ya keya yoyenda khomo ndi khomo: mphindi 30 pano, mphindi 45 apo, kusambitsa, kumwetsa mankhwala, kuthamangira kwina. Pamakomo amenewa pali limodzi limene ndalilowa m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu. Maina sinditchula. Agogo aamuna ali ndi zaka 85, ankayendetsa basi. Akudwala Alzheimer's, mtundu wofala kwambiri wa dementia, matenda amene amadya ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala mkazi wake weniweni. Agogo aakazi ali ndi zaka 81. Akhala m'banja zaka 58. Ana awo awiri ali kutali, wina ku Scotland, wina ku Australia.

Ine ananditumako chifukwa cha agogo aamuna. Pa pulogalamu ya mu foni yathu ya ntchito, dzina lolembedwa ndi lawo. Koma amene ankatha mwakachetechete anali akazi awo.

Ndinayamba kuona tizinthu. Siketi yawo inayamba kugwidwa ndi pini. Mapiritsi awo a BP ankakhala m'kabokosi kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi osakhudzidwa, chonsecho a amuna awo sanaphonyepo ndi tsiku limodzi. Tsiku lina ndinapeza fungo la pulasitiki yopsa, agogo aamuna atatereka ketulo yamagetsi pachitofu cha gasi. Koma vuto lalikulu linali la madzulo. Odwala matendawa ambiri amabalalika dzuwa likamalowa, ndipo kuno nyengo yachisanu ikakwana 4 koloko kunja kwada kale. Bambowo ankavala jekete, chipewa, n'kumakoka chitseko kuti akupita kwawo kwa mayi awo, ali m'nyumba imene anagula okha. Ndiye mayiwo anasiya bedi. Ankagona pampando pafupi ndi khomo, kiyi atamangirira pamkono ndi kachingwe.

Ndikawafunsa, yankho linali limodzi: "Ndili bwino, mwana wanga."

Chithandizo kuno chilipo, si kuti kulibe. Lamulo la Care Act la 2014 limapatsa wodwazika ufulu woti khonsolo imuyendere n'kuona zosowa zake iyeyo, osati za wodwala yekha. Kuli anamwino a Admiral Nurses a bungwe la Dementia UK amene ntchito yawo ndi kuthandiza mabanja otere. Kuli malo osiyako wodwala kwa masiku angapo kuti mnzake apume. Koma munthu amafunika apemphe, ndipo agogowa sankafuna kupempha. Ankaopa kuti akangovomera kuti atopa, amuna awo atengedwa kupita kunyumba ya okalamba. Ankaopanso ndalama, poti ku England ukakhala kuti unasunga zoposa mapaundi 23,250, chisamaliro umalipira wekha. Ndalama ya boma ya odwazika, ija imaposa pang'ono mapaundi 80 pa sabata, okalamba ambiri olandira penshoni ya boma saipata n'komwe. Pamwamba pa zonsezi panali lumbiro lawo la kutchalitchi. Anandiuza kamodzi akupukuta kapu: "Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu, pa mtendere ndi pa matenda."

Lachiwiri lija ndinafika 7 koloko, kunja kukadali mdima. Ndinagogoda, kuli zii. Ndinatenga kiyi m'kabokosi ka pakhoma n'kulowa. Nyali ya kukhitchini inali yoyaka. Agogo aakazi anali pansi pamatailosi, mwendo umodzi utapotoka, milomo itauma, thupi lili lozizira ngati madzi a mumtsuko. Anagwa cha m'ma 10 koloko usiku. Foni inali patebulo, pamtunda wa masitepe atatu basi.

Amuna awo anali pomwepo, atakhala pansi pambali pawo. Anali atawafunditsa nsalu ya patebulo. Pafupi ndi mutu wawo anali atandanda mabisiketi anayi. Ankawasisita tsitsi n'kumawaitana kuti "Amayi." Usiku wonse mayiwo anawachonderera kuti aimbe 999, nambala yoitanira ambulansi, iwo n'kutenga rimoti ya TV, kuiyang'ana, kuibweza. Chikondi chinalipo chonse, abale anga. Chimene chinasowa ndi munthu wachitatu.

Ambulansi itabwera anati fupa la m'chiuno lathyoka. Kugona pansi maola ambiri choncho kumaononganso impso za munthu wokalamba, ndiye mpaka pano ali m'chipatala. Madzulo a tsiku lomwelo amuna awo anapita nawo kunyumba ya okalamba mwadzidzidzi, kwa anthu osawadziwa, opanda wowauza kuti tiyi amamwa wa shuga awiri komanso kuti sagona nyali itazima. Chimene mayiwo anachiopa chaka chonse chinachitika tsiku limodzi, iwo palibe.

Za kuonda kwawo ndinalembapo kangapo, ofesi inayankha kuti iwowo si kasitomala wathu. Koma nanenso mawu aja akuti "ndili bwino" ndinkawalandira msanga, chifukwa khomo lina linkandidikira.

Pobwerera m'basi ndinalira, ndipo pakati pa kulirako ndinazindikira kuti sindikulirira azungu okha. Ife timakonda kunena kuti kwathu nkhalamba sitiisiya yokha. Kale zinalidi choncho. Nanga lero? Kwathu ku Ntcheu tinabadwa asanu. Ine ndili kuno, achimwene ali ku Johannesburg, ena ali m'tauni. Pakhomo patsala amayi ndi abambo. Abambo anayamba kuiwalaiwala zaka ziwiri zapitazo, ife n'kumati ndi ukalamba, abwerera ku ubwana. Chaka chatha anapezeka kudambo mbandakucha, opanda malaya.

Ndipo kwathu kuli choopsa chimene kuno kulibe. Nkhalamba ikapezeka usiku pakhomo la eni, ikuyankhula zosamveka, anthu sathamangira kunena za ubongo. Amati yagwa pa ndege ya ufiti. Tonse tikukumbukira ku Neno mu 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Amayi anga nkhani imeneyi amaidziwa. N'chifukwa chake amabisa. Amawatsekera abambo m'nyumba, sapitanso kumvano, ngakhale kumaliro amangofika n'kubwerera. Ife tikatumiza ndalama pa Mukuru timaona ngati tathana nazo.

Usiku umenewo ndinawaimbira. Sindinafunse kuti muli bwanji, yankho lake ndikulidziwa. Ndinati, "Amayi, dzulo munagona maola angati?" Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti netiweki yadula. Kenako anati, "Mwanawe, tulo ndinasiyana nato chaka chatha. Ndimamanga chitenje kumwendo kwa abambo ako ndi kumwendo kwanga, kuti akadzuka ndimve."

Tinakambirana pa WhatsApp tonse asanu mpaka pakati pa usiku. Mwana wa achemwali, amene wamaliza Fomu 4, wasamukira kumeneko ndipo tizimupatsa kangachepe mwezi uliwonse. Achimwene alankhula ndi amfumu komanso akulu ampingo kuti mudzi udziwe kuti abambo akudwala, ndipo wowapeza panjira awaperekeze kunyumba. Mwezi wamawa tiwatengera kuchipatala onse awiri, amayinso akayezedwe BP.

Dzulo ndinaimbanso cha m'ma 8 koloko m'mawa. Anayankha ndi mdzukulu uja, akunong'ona. Anati agogo akadagona.