Mariya anamuyesa wakumunda

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Dedza kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka n'komwe. Tiwerenge Yohane 19:41 ndi 20:11-16.

Pakati pa tchalitchi chathu ndi msewu wopita kumsika pali kamunda ka maluwa. Makolo anakakonza pokumbukira akhristu amene anaumba njerwa za tchalitchicho, ndipo pakati pake anaimika chipilala cholembedwa mayina awo. Koma ine ndakula ndikukadziwa ngati tchire basi. Chisoso chofika m'mawondo, majumbo, mabotolo osweka, mbuzi zomangirira pa chipilala chomwecho. Odutsa akapanikizika ankakhotera komweko. Inenso sindidziyeretsa, makoko a nthochi ndinaponyapo kangapo.

Nyengo yodzala mitengo itafika, ija imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata anabwera ndi makasu, zikwanje ndi wilibala. Analambula, anadzala kapinga ndi mbande za mbawa, anaikamo mabenchi. Tsopano ana asukulu amadyerapo zitumbuwa, odikira basi amapumirapo.

Koma chimene chandikhalira mumtima ndi agogo ena aamuna amene sanagwire khasu. Iwo anatenga bulashi yawaya ndi kachidebe, n'kuyamba kukwecha chipilala. Mukudziwa kuzizira kwa kuno, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzi a m'mawa amaluma zala. Agogowo anakwechabe, chilembo chimodzichimodzi, ndere zikuyoyoka. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, osangopaka laimu bwanji?" Anati laimu akwirira mayina.

Tsiku lina mayi wina wogulitsa kachewere anaima pamenepo, beseni lili pamutu. Anawerenga mayinawo milomo ikugwedera, kenako anatula beseni pansi. Anapeza dzina la agogo awo. Anaika chala pa zilembozo n'kulitchula mokweza, kawiri, ngati akuitana munthu amene ali kuseri kwa nyumba.

Yohane akuti pamalo pamene Yesu anapachikidwa panali munda, ndipo m'mundamo munali manda atsopano. Mariya wa Magadala anapita kumeneko kusanache, ali ndi maliro okhaokha m'mutu. Angelo awiri anamufunsa chimene akulirira, sizinamutonthoze. Atacheuka anaona munthu ataima, n'kumuyesa wakumunda. Timakonda kunena kuti misozi inamuphimba m'maso. Mwina. Koma ine ndimati mayiyu sanaphonye kwenikweni. Ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu, pa Genesis 2:15, inali yolima ndi kuyang'anira munda wa Edene. Ndiye n'chodabwitsa kuti Ambuye atauka anaoneka ngati munthu wa ntchito yomweyo?

Taonani zimene anachita. Sanamudzudzule kuti waiwala zimene anauzidwa ku Galileya. Sanamulalikire. Anangoti, "Mariya." Dzina lokhalo linakwana.

Ena amene mukuwerenga pano muli ndi malo mumtima amene munasiya kupondako. Munaikako mwana, kapena banja limene linatha, kapena mayeso aja amene simufuna kuti wina awatchule. Pamera tchire, ndipo anthu azolowera kutayapo mawu awo. Mukuopa kuti wina akabwera adzangopaka laimu, akuuzeni kuti iwalani, limbani mtima. Wakumunda uja amagwada pansi ndi bulashi.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene munaima m'munda muja m'bandakucha, lowani lero pamene ife tinatsekapo. Zulani zomera zokha, mutiitane ndi mayina athu monga munaitanira Mariya. Kumbukirani odwala, ofedwa, ndi onse amene akukwera minibasi pa M1 m'mawa uno. Amen.

A mbali ya kumsika, sabata ino ndi yanu yothirira mbande. Mvula ikadali kutali, ndipo kheni ilipo imodzi yokha, choncho bwerani ndi zidebe.