Mphwanga, usayambe wakhudza BIOS ya kompyuta ija

Halo mphwanga, ndangoweruka kumene kuntchito ndili mu tekisi ya ku Bellville ndiye ukamva phokoso usadabwe. Uthenga wako ndaumva wonse, ukuti kompyuta ndinatumiza ija ukaiyatsa mmawa deti ikumabwerera mmbuyo, nthawi yasokonekera, kenako intaneti ikumakana kutsegula masamba, ndiye mnzako uja wakuuza kuti mungopanga apudeti BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta ukaiyatsa, basi zitheka. Ima kaye, ndakupempha, makina amenewo ndi amene akukudyetsani pakhomopo, anthu onse obwera kudzataipitsa makalata pa boma pa Nkhotakota paja akudalira omwewo.

Choyamba ine ndikuona ngati vuto si BIOS ayi. Ukatsegula chivundikiro cha mmbali, utazula kaye chingwe cha magetsi, uona kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo pa motherboard, bodi yaikulu ya mkatimo, kalembedwa CR2032, ka 3 volts. Kameneko ndi kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima, kakatha mphamvu deti imabwerera, ndipo deti ikalakwika browser imayesa kuti ma certificate, ziphaso zotsimikizira masamba aja, ndi olakwika ndiye imakana. Kagule kwa okonza mawotchi kumsika, usinthe, ukonze deti, uone masiku awiri atatu. Mwina nkhani ithera pomwepo.

Koma ngati apudetiyo ikufunikadi, mvetsera bwino. BIOS sikhala pa hard disk, imakhala mu kachipu kakang'ono kakuda kamiyendo 8, kochepa kuposa chikhadabo chako, ndipo ndi imene imadzutsa makina Windows isanayambe nkomwe. Pochita apudeti kachipuko kamafufutidwa nkulembedwanso, ndiye magetsi akazima zili pakati, basi, ukayatsa fani ingozungulira sikilini ili bii. Ine zinandichitikira chaka chatha kushopu kuno, makina a kasitomala, magetsi anangoti thii kamzere koonetsa pamene apudeti yafika kali pakati, thukuta linandituluka mmanja mpaka mausi imaterera. Chinandipulumutsa ndi choti ndinali nditakopera kale zamkati mwa kachipuko, ndiye tinatenga kachipangizo kotchedwa CH341A, kali ndi kopanira ngati kapegi koyanikira zovala, tinapana kachipu kaja nkubwezeretsa. Kumeneko kachipangizo kameneko ulibe, ndipo ukanakhala nako koma wopanda bakapu, kopi ya zamkati mwa kachipuko, ukanalembamo chani?

Ndiye uyambe chonchi. Paja ndinakuikira Ubuntu, sisitimu ina yogwira ntchito ngati Windows, mbali ina ya disk, ulowe mmenemo utsegule Terminal, polembapo malamulo paja. Ulembe sudo dmidecode -s bios-version, kenako sudo dmidecode -s baseboard-product-name, ujambule ndi foni zimene zatulukazo unditumizire, ndikufuna ndidziwe bodi yake yeniyeni chifukwa fayilo ya bodi ina, olo mayina afanane bwanji, imapha makina. Malamulowa ndikulemberanso mu uthenga wina kuti usalakwitse chilembo.

Kenako bakapu, apa ndiye pagona nkhani. Pulogalamu yake ndi flashrom, ndi yaulere, uyiike ndi sudo apt install flashrom. Ukatero ulembe sudo flashrom -p internal -r bios1.bin, r ameneyo ndi kuwerenga chabe, sasintha kanthu. Ikamaliza ubwerezenso koma dzina likhale bios2.bin, kenako sha256sum bios1.bin bios2.bin, itulutsa mizere iwiri yaitali ya manambala ndi zilembo, ikuyenera kufanana ndendende, ikasiyana ndiye kuti kuwerengako sikunayende bwino ndipo mafayilowo ndi osadalirika. Kukula kwake nthawi zambiri kumakhala 8 kapena 16 MB malinga ndi kachipu. Usasiye fayiloyo mu kompyuta momwemo, makina akafa uitenga bwanji? Uike pa fulashi, ina unditumizire pa WhatsApp ngati document. Ndipo usaganize kuti tingodawuniloda ina pa intaneti, yakoyo imatha kukhala ndi zinthu za makina amenewo okha monga serial number ndi adiresi ya network card.

Mwina flashrom ikana, pa makina ambiri a Intel mbali ina ya kachipu, ya Management Engine, imakhala yokhoma ndiye imadandaula kuti siingawerenge zonse. Ikatero usalimbane nayo, usapite pa YouTube kukafuna njira yoikakamiza, ungojambula uthengawo unditumizire tione limodzi. Ndipo -w usayerekeze, ameneyo ndi kulemba, ndi amene amafufuta kachipu. Mnzako uja akakhala pambali umuuze kuti achimwene akana.

Apudeti yeniyeniyo tiyesa kaye njira yofewa ya pulogalamu ya fwupd, imene imatenga mafayilo ku LVFS komwe makampani ngati Dell, Lenovo ndi HP amaikako okha. Ndi fwupdmgr refresh, kenako fwupdmgr get-updates. Ikanena kuti palibe chatsopano, siya, makina akugwira ntchito. Ikapeza, undiimbire kaye usanalembe fwupdmgr update, ndikufuna ndikhale pa foni.

Za magetsi tsopano, iyi si laputopu ilibe batire lake, ndiye osachitira kushopu pa soketi ya pakhoma ija. Unyamule makinawo upite nawo kwa amalume, ulumikize pa inveta yawo ya sola masana batire litadzaza, uwapemphe azimitse kaye filiji, ndipo kukakhala mitambo ya mvula kunyanjako ndi ziphaliwali udikire tsiku lina. Ikayamba izima nkuyakanso yokha mwina kangapo, sikilini itha kuda kwa kanthawi, mtima ugunda ndikudziwa, koma manja aike mthumba, osadina batani, osazula chingwe, ana a amalume uwatulutse panja asapunthwe pa waya.

Ndatsala pang'ono kutsika. Amayi uwapatse moni uwauze kuti mpunga uja unafika bwinobwino, ndiwaimbira Lamlungu akabwera kutchalitchi. Iwe yamba ndi kabatire kaja mawa, zithunzi za dmidecode ndizidikira madzulo.