Ngongole ya ku yunivesite imayang'ana m'thumba mwa banja: lembani zoona

Zikomo agulupu, mafumu nonse, ashehe ndi abusa, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo. Inu muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mawu anga safika patali.

Nkhani yandiimika pano mukuidziwa kale, yakhala ikukambidwa pamjigo ndi kugombe sabata yonseyi. Mtsikana wathu uja wa kutsidya kwa mtsinje, amene tinamululutira dzina lake litatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite, wabwerera. Ali pakhomo, akuthandiza mayi ake kuyanika usipa. Sanalephere mayeso ayi, ngongole ndiyo sinatuluke. Kenaka kunabwera foni ya munthu wodzitcha bwana wa ku Lilongwe, ati tumizani ndalama pafoni tikonze dzina la mwanayo. Mayi aja anagulitsa mpunga umene anasungira miyezi ya njala, natumiza. Lero nambala ija siikupezeka. Dzina sinditchula, ndipo musatembenuke kuyang'ana munthu, chifukwa mawa zikhoza kugwa pakhomo panu.

Choyamba timvetsane kuti kusankhidwa ndi ngongole ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kusankha ana opita ku mayunivesite a boma, kaya ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo kapena MZUNI ku Mzuzu, kumadutsa ku bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE, ndipo kumeneko amaona mmene mwana wakhozera MSCE. Ngongole ili ndi eni ake ena, a Higher Education Students' Loans and Grants Board, amene ambiri amangoti a Loans Board. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 ndipo ofesi yake ili ku Lilongwe. Iwowa funso lawo ndi lakuti, kodi banja la mwanayu lingathe kulipira lokha kapena ayi? Ndalama zimene amakhala nazo sizikwanira aliyense wopempha. Ndiwo zikachepa m'mbale, mayi amayamba wagawira mwana wofooka. Ndiye iwo amafuna adziwe wofookayo ndi uti, koma pakhomo panu sanafikepo, denga lanu lodontha sanalione. Amene amakuyankhulirani ndi fomu basi.

Fomuyo imafunsa za makolo, ngati ali moyo, ntchito imene amagwira, zimene amapeza, amene wakhala akumulipirira mwanayo, ndi sukulu imene anaphunzira. Mwana wochokera pa CDSS ngati yathu ino, wamasiye, wokhala ndi agogo, saoneka chimodzimodzi ndi mwana amene makolo ake onse ali pantchito ndipo ankamulipirira sukulu yapulaiveti yodula. Mpake kutero. Koma imvani pamene timadzipwetekera tokha.

Kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake, ndipo timawalemekeza. Ndiye mwana akafika pamzere wofunsa womusamalira, amalemba amalume a ku Lilongwe ogwira ntchito mu ofesi, chifukwa dzina lawo ndi lolemera, likumveka bwino. Chonsecho amalumewo ali ndi ana awo, ndipo chimene anatumizapo ndi sopo ndi nsapato pa Khirisimasi. Amene wakhala akuthyoka msana ndi mayi wogulitsa mandasi pamsika. Papepala mwanayo waoneka wa m'nyumba ya malipiro apamwezi. Zimenezi ndizo zinamugwetsa mtsikana wathu uja. Ndinakhala nawo pansi mayi ake, anandiuza kuti anachita manyazi kulemba kuti amayanika usipa. Manyazi a chiyani, amayi? Usipa womwewo ndi umene wamufikitsa mwana Fomu 4. Lembani zoona. Womusamalira mwana ndi amene amatulutsadi ndalama, osati amene ali ndi dzina pamtundu. Bambo amene anapita ku Johannesburg nasiya kutumiza kanthu, nenani kuti ali moyo koma sathandiza, ndipo amfumu akudziwa.

Palinso ena amene amakhotera mbali inayo. Amapha makolo papepala. Bambo ali moyo, akupalasa njinga kupita ku Dwangwa, koma pafomu anamwalira kalekale. Abale anga, zimenezi ndi zonyansa. Bodza likapezeka mwanayo ndiye wataya mwayi, ndipo mwamuphunzitsa kuyamba moyo wake ndi chinyengo. Komanso malo amene walandawo ndi a mwana wamasiye weniweni wa m'mudzi momwe muno. Mafumu, ndikupempheni mwaulemu, chidindo chanu chisagwe pa pepala limene mukudziwa kuti ndi labodza, ngakhale wabwera nalo ndi mphwanu. Lembani zoona, musaonjezere, musachotsere.

Bambo wina anaimirira: Pepani aphunzitsi, ine ndili ndi bwato ndi ukonde, komanso kamunda ka mpunga kudambo. Anthu amati ndine wopeza bwino. Koma malipiro apamwezi ndilibe. Ndiye pafomupo ndilembe zingati? Kapena mwana wanga asayese n'komwe?

Zikomo bambo, khalani pansi, funso limeneli ndi la anthu ambiri pano. Ayese. Musadzichotse nokha pamzere anthu a ku Lilongwe asanakuchotseni. Bwato si malipiro. Inu mukudziwa kuposa ine kuti mwera ukayamba kuwomba mu Juni ndi Julayi, masiku ambiri bwato limagona pamtunda. Pali miyezi imene usipa umagwa wambiri mpaka mtengo kutsika, pali miyezi imene mumabwerako ndi ndiwo za pakhomo zokha. Tsono cholakwa chimene asodzi mumachita n'chakuti mukafunsidwa mumakumbukira tsiku limodzi lija munapha kwambiri, n'kutchula ndalama imeneyo ngati ndi ya masiku onse. Ena amatchula mwezi wa njala wokhawokha, ati sindipeza kanthu. Onsewo sananene zoona.

Chitani chonchi. Khalani pansi ndi mwanayo, atenge kope. Yambani Januwale mpaka Disembala, mwezi uliwonse mukumbukire zimene zinalowa. Kenaka muchotse zimene nyanja inadya: mafuta a injini ngati muli nayo, gawo la alovi anu, kusoka ukonde, nyali, chiphaso cha usodzi. Kumunda chimodzimodzi, matumba a mpunga amene munagulitsa, kuchotsapo feteleza, aganyu ndi ngolo. Mpunga umene munadya pakhomo si ndalama yolowa m'thumba. Zotsalazo mugawe pa miyezi 12, ndiye mwapeza chimene banja lanu limapezadi pamwezi. Mudzadabwa kuchepa kwake. Ndipo musaiwale kunena anthu amene amadya m'nyumba mwanu. Ndikudziwa kuti inu mukusunga ana a malemu achemwali anu. Ndalama yomweyo pa nyumba ya anthu atatu ndi ina, pa nyumba ya anthu khumi ndi inanso. Ana amenewo alembedwe, makamaka amene ali pasukulu.

Kopelo musalitaye. Ndipo amayi a banki m'khonde, buku lanu lija limasonyeza bwino mmene munthu amapezera, lisungeni mosamala. A Mtukula Pakhomo, pepala lililonse losonyeza kuti muli m'ndondomeko imeneyo ndi umboni wa mmene pakhomo palili. Ife timasunga ndowa ndi mapoto, koma mapepala timakulungira mandasi. Malisiti a fizi, kalata ya bungwe limene linkamulipirira mwana ku sekondale, kalata ya imfa ya kholo, zonsezi ziikeni m'jumbo, zikhale pamalo pamene chiswe ndi mvula sizifika.

Mwandikumbutsanso china, bambo. Imeneyi ndi ngongole, si mphatso. Ya fizi imapita ku yunivesite, ya chakudya ndi malo ogona imapita kwa mwanayo, ndipo akamaliza maphunziro amayenera kubweza. Bungweli likulondola ngakhale anthu amene anatenga ngongole kuyambira 1985, ena ndi akuluakulu m'maofesi lero. Zimene abwezazo ndi zimene zimathandiza ana obwera pambuyo. Choncho ngati Mulungu anakudalitsani, muli ndi sitolo ndi galimoto, lipirani nokha, musiyire anzanu. Komanso ngakhale ngongole ituluke, banja lisapinde manja. Thiransipoti yochoka kuno ku Nkhotakota kukafika ku Zomba kapena ku Thyolo ndi yanu, ndipo ndalama ya mwanayo siifika tsiku lomwe watsika basi. Yambani kusunga pang'onopang'ono mwana akadali Fomu 3.

Ndikuona amayi ayamba kumanga ana kumbuyo, dzuwa lapendeka, ndithamange. Mwana akhale ndi chiphaso cha unzika, amalembetsa akakwana zaka 16, musadikire zotsatira za mayeso. Chaka chilichonse a Loans Board amalengeza nthawi yofunsira ndi tsiku lotseka, mverani wailesi, funsani aphunzitsi aakulu, tsiku likadutsa ladutsa. Kufunsira masiku ano ndi pa intaneti, ndiye mwana alembe yekha, kapena akhale pompo pamene wina akumulembera, awerenge mzere uliwonse asanatumize. Zimene zalembedwa m'chilengezo cha chaka chimenecho muzitsate zonse, ndipo ndalama yofunsira mulipire njira yokhayo imene chilengezocho chanena, lisiti musunge. Wina akaimba foni kuti tumizani kangachepe tikonze dzina, dulani foniyo, kauzeni apolisi kapena amfumu. Yunivesite ikakhala yapulaiveti, yambani mwafunsa ngati ndi yovomerezeka ndi NCHE. Dzina likapanda kutuluka, mwana asangonyamula chikwama kubwerera kumudzi mwakachetechete, apite ku ofesi yoona za ophunzira pa yunivesitepo akafotokoze, ndipo ife kuno atidziwitse msanga.

Loweruka m'mawa ndidzakhala m'kalasi ya Fomu 4. Amene muli ndi ana olemba mayeso chaka chino mubwere nawo, mutenge kope ndi mapepala onse amene muli nawo, tidzawerengere limodzi. Agulupu, ndabweza mawu kwa inu.