MAWU A M'MAWA: Tsiku limene mitengo inayankhula

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, kaya muli kale mu minibasi yochokera ku Area 25 kulowera m'tauni, kaya mukadali kuthira makala pa mbaula ku Kawale uko. Lero tiwerenge Oweruza 9:7-15.

Abimeleki anapha abale ake pa mwala umodzi, ana a Gideoni analipo 70, anthu a ku Sekemu n'kumulonga ufumu. Anapulumuka ndi Yotamu yekha, wamng'ono pa onse, chifukwa anabisala. Mnyamatayu anakwera phiri la Gerizimu n'kukuwa kuti akuluakulu a mzindawo amve, ndipo chimene anawauza inali nthano. Akuti mitengo inanyamuka kukafuna mfumu, inapita kwa mtengo wa azitona koma unakana kuti sungasiye mafuta ake, mkuyu unakananso chifukwa cha zipatso zake zokoma, mpesa chimodzimodzi, mapeto ake ufumu unagwera chitsamba cha minga chimene chinati bwerani mubisale mu mthunzi wanga, apo ayi moto utuluka mwa ine. Mthunzi wa minga abale! Mitengo yoyenda ndi kuyankhula, mu Baibulo momwemu, ndipo omvera ake anali madoda a ndevu zawo osati ana.

Ndayambira pamenepa chifukwa alipo akulu ambiri, ineyo ndili m'gulu lomweli, amene timakonda makatuni a nkhani zopeka zija za maiko oti kulibeko, koma wina akangotulukira pa khomo timasintha tchanelo msangamsanga kuopa kumva kuti aaa bambo wamkulu ngati inu. Ena amafika potiwerengera 1 Akorinto 13:11 kuti Paulo anasiya zachibwana. Inde anatero, koma pitani pang'ono pa 14:20, yemweyo akuti pa zoipa tikhale makanda, pa kaganizidwe tikhale akulu. Chibwana chimene Mulungu amadana nacho ndi nsanje, kusakhululuka, kulusa ndi zinthu zazing'ono. Zojambula sizinalakwe.

Pali katuni ina ya Avatar: The Last Airbender, inkaonetsedwa pa Nickelodeon kuyambira 2005 mpaka 2008, ma episodi 61. Ana amaikondera kumenyana kwa moto ndi madzi, koma munthu amene analerapo mwana wa m'bale wake amaona zina. Muli mwana wa mfumu dzina lake Zuko, bambo ake omubereka anamuotcha kumaso n'kumupitikitsa, ndiye amene anamutsata ku ukapolo wa kuyendayenda kumeneko ndi bambo ake aakulu dzina lawo Iroh, munthu woti naye mwana wake yekhayo anafera ku nkhondo. Amulera, amupirira mwano wake wonse, koma itafika nthawi yosankha mnyamata uja anawatembenukira, mkuluyo n'kuthera m'ndende. Chakumapeto Zuko akubwera atasweka mtima, akugwada kuti apepese, asanamalize n'komwe mkulu uja wamukoka kale n'kumukumbatira, akumuuza kuti sanakwiye, ankangoda nkhawa kuti mwana wasochera. Ine pamenepo misozi inatsika, ndipo chimene chinabwera m'mutu ndi Luka 15, bambo uja anathamangira mwana wake akadali patali, mwana n'kulephera kumaliza mawu onse amene anakonza m'njira.

Ndi anthu angati muno mu Lilongwe amene akulera ana a malemu achimwene kapena achemwali awo, kulipira fizi, kugula yunifolomu, kenako mwana yemweyo n'kudzawanyoza kuti si inu makolo anga? Munthu wotere ukamuuza maso ndi maso kuti khululukani amaumitsa mtima. Koma nkhani imalowa mosagogoda. Ndi mmene Natani anachitira ndi Davide pa 2 Samueli 12, anamufotokozera za munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa kamene kankadya naye mbale imodzi, mfumu inapsa mtima n'kugamula mlandu isanadziwe kuti ikudziweruza yokha. Agogo athu ankadziwa zomwezi, akati padangokhala ife tili tonse, kalulu ndi fisi ankayankhula ndipo akulu ankakhala pomwepo akumvetsera.

Sindikunena kuti chilichonse chojambulidwa ndi chabwino ayi. Mu katuni yomweyi muli chiphunzitso choti mzimu umabadwanso mwa munthu wina, ife sitikhulupirira zimenezo, Ahebri 9:27 ikunena poyera kuti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo. Ndipo alipo makatuni ena odzadza ndi zolaula ndi magazi, kumangomupatsa mwana foni poti ndi katuni n'kulakwa kwakukulu. Apa m'pamene ukulu wathu ukufunikira, khalani nawo pa mpando anawo, onerani limodzi, ikatha muwafunse chimene aona, muwauze kuti ichi n'chopeka, ichi Baibulo likukana, koma kukhululuka kuja ndiye kwa Yesu kwenikweni. Ndipo isakudyereni nthawi ya pemphero, usiku wonse pa foni m'mawa kulephera kudzuka.

Tipemphere. Atate, alipo ena pa gulu lino amene mwana yemwe anamulera anawapweteka mtima ndipo mpaka lero sayankhulana, apatseni mphamvu yoyankha foni ija ikaitana. Alipo ena amene ndi iwo anachoka pa khomo mwamwano ndipo akuopa kubwerera, achotsereni manthawo lero lomwe. Yendani nafe pa misewu, ku ntchito, ku msika ndi ku sukulu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.