Makalata a omvera: musawachotse pa makina

Moni nonse a ku Joni kuno, kaya muli pa ntchito ya usiku kaya mwangofika kumene kunyumba. Makalata abwera ambiri, koma imodzi yandikhudza kwambiri.

Mayi wina wa ku Rosettenville akuti amuna awo anabwerako kumudzi ndi malungo, anachedwa kupita kuchipatala, ndipo pano ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mkodzo unasiya kutuluka, madokotala anawalowetsa chubu pakhosi n'kuwalumikiza ku makina. Akuchimuna akuti makinawo akuwamwa magazi, bola awatulutse, awakweze basi akatsirizikire kwawo. Mayiwa akufunsa ngati avomere.

Mayi, musavomere, chonde. Malungo aakulu amavulaza impso, ndipo impso zikaima, zoipa zonse zotuluka ndi mkodzo zimatsalira m'thupi. Madzi amadzaza m'mapapo munthu n'kumabanika, mchere wa potaziyamu umakwera mpaka kuimitsa mtima. Magazi mukuwaona akuyenda m'chubumo akupita kukasefedwa, kenako akubwerera mwa bambo omwewo. Wodwala amene BP yake yatsikiratu amamusefa pang'onopang'ono, maola 24 osalekeza, chifukwa dayalisisi (kusefa magazi pa makina) ya maola 4 imene amalandira odwala impso a nthawi yaitali ingamugwetse. Ndipo impso zovulala mwadzidzidzi chonchi kawirikawiri zimadzukanso pakapita masiku kapena milungu. Tsiku lililonse mukafika, afunseni anamwino kuti m'thumba lija la mkodzo mwatuluka wochuluka bwanji.

Inu achibale, ndikudziwa mukuopa mtengo wotumiza maliro kumudzi, ndipo si nkhani yaing'ono. Koma kuchoka pa Park Station, kudutsa Beitbridge ndi Tete mpaka Mwanza, ndi ulendo wa masiku awiri. Munthu wosakodza angafike? Akafika, makina otere ali m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, osati pachipatala chaching'ono cha kwanu chija. Khalani pansi ndi dokotala, mlamu wanuyo musamusiye yekha pabenchi.

Bambo a ku Tembisa akufunsa ngati wopanda mapepala amathandizidwa. Ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Dayalisisi ya moyo wonse ndi nkhani ina: mu 1997, pa mlandu wa Soobramoney, khoti linavomereza kuti zipatala za boma zingasankhe odwala chifukwa makina ndi ochepa.

Achemwali a ku Diepsloot akufunsa za mabotolo otsuka magazi ogulitsidwa pa renki. Ayi, achemwali. Botolo limodzi lochiza shuga, nsana ndi banja lomwe? Limatsuka m'thumba basi, ndipo ena mwa mankhwala amenewa amawononga impso zomwezo.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa makalata otere amandipeza chaka chilichonse tikangochoka ku tchuthi cha Khirisimasi. Munthu thupi latentha, akuti ndi chimfine cha mvula, akumwa ibuprofen sabata yathunthu poopa kujomba ku ntchito. Abale anga, mu Johannesburg mulibe udzudzu wofalitsa malungo, choncho namwino sangafulumire kuwaganizira mukapanda kumuuza. Nenani pakhomo pomwe kuti mwachokera ku Malawi, kapena mwadutsa ku Mozambique, ndipo pemphani kuti akuyezeni malungo tsiku lomwelo. Mukaona mkodzo wachepa kapena wada, musadikire kuti kuche.