Werengani mabiti musanathamangire ku embosser, makina osindikiza braille

Eya, aphunzitsi, ndiyankhe funso lakuti nyimbo za pa pepala zingalowe bwanji mu braille, zilembo za timadontho zomwe mwana wosaona amawerenga ndi zala. Pulogalamu yake... ayi, ndinene bwino, mapulogalamu ndi atatu. Yoyamba imawerenga chithunzi cha pepala, monga SharpEye, kapena Audiveris yomwe ndi yaulere. Yachiwiri ndi yokonzera manotsi, Lime kapena MuseScore. Yachitatu ndiyo yosandutsa braille, GOODFEEL ya kampani ya Dancing Dots ku America, iyo ndi yogula, apo ayi Sao Mai Braille ya ku Vietnam, yaulere. Fayilo yoyenda pakati pawo ndi MusicXML, dzinali mulilembe penapake.

Posikana ikani pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), pepala ligone mowongoka. Fotokope ya fotokope inzake isiyeni, mizere isanu yolembapo manoti ija imakhala itadukaduka. Komanso, ndisanaiwale, ndikunena nyimbo za pa mizere, osati za solofa zomwe makwaya athu anazolowera. Izo simungasikane, mumachita kutayipa noti imodziimodzi mu MuseScore.

Tsopano apa mpamene pamagwa anthu. Mukasikana musatumize ku braille nthawi yomweyo. Musatumize. Tsegulani fayilo, pepala lili pambali, muwerenge mabiti (kugunda kwa nyimbo) mu bar iliyonse, kachigawo ka pakati pa timizere tiwiri toimirira. Chifukwa chake nchakuti mu braille muli timadontho 6 basi. Tinayi ta m'mwamba timatchula noti, tiwiri ta pansi, ka 3 ndi ka 6, timanena kutalika kwake. Ndiye zizindikiro sizikwana, noti yaitali ya semibreve ndi yaifupi ya semiquaver zimalembedwa chimodzimodzi, minim ndi demisemiquaver chimodzimodzinso. Mwandimva? Ndibwereze. Wowerenga amasiyanitsa powerengera mabiti a mu bar imeneyo. Sikana ikangodumpha kadontho kamodzi kotalikitsa noti, kapena kutenga kachitosi ka ntchentche ngati kadontho, bar yasokonekera, mwana amangobwerera ndi chala pamzere womwewo kuganiza kuti wolakwa ndi iye.

Alipo ena, umawauza izi, amati kompyuta siphonya. Amasindikiza buku lonse, pepala lokhuthala lija ndi lodulanso, mawa lake akukolezera mbaula. Chabwino, tisiye zimenezo.

Muziseweretsanso nyimboyo pa kompyuta, khutu limagwira sharp kapena flat yomwe yasowa msanga kuposa diso. Koma mabiti muwerengebe.

China, nyimbo za kwaya. Soprano ndi alto zikakhala pa mzere umodzi, timichira tina kuloza m'mwamba tina pansi, pulogalamu imazisakaniza. Zilekanitseni, aliyense alandire gawo lake lokha. Paja woimba piyano amawerenga ndi dzanja lina kwinaku lina likuimba, mpaka ataloweza, ndiye musamuchulukitsire. Mawu a nyimbo tayipaninso nokha, makamaka a Chichewa, ŵ uja ndi ng' zimatuluka zachilendo.

Aa, ndi ichi. Mwana amene akudziwa kale braille ya mawu mumuchenjeze. Chilembo chomwe amachidziwa kuti d, mu nyimbo ndi noti C. e ndi D, f ndi E, mpaka j yemwe ndi B. Poyamba adzati makina alakwitsa. Sanalakwitse, Louis Braille anazikonza choncho.

Posindikiza, fayilo ikhale BRF, mtundu wa fayilo ya braille yokonzeka kusindikizidwa, zilembo 40 pa mzere, mizere 25 pa tsamba, ngati pepala lanu la braille lili lalikulu. Likakhala laling'ono chepetsani, apo ayi mizere iduka pakati pa bar. Tulutsani tsamba limodzi kaye, mwiniwake aligwire ndi zala, ayimbe bar zinayi zoyamba inu mukutsatira pa pepala.